Tisamangoloza ku Berlin, malo athu anapita ndi chikalata ndi msonkho

Januwale aliyense ikabwera nkhani ya Chilembwe, anthu amathamangira mawu amodzimodzi: azungu anakhala pansi ku Berlin n'kugawana Africa ngati nyama ya pamaliro. Maganizo anga ndi akuti mawu amenewa amatigoneka tulo. Msonkhanowo unachitikadi, kuyambira Novembala 1884 mpaka Febuluwale 1885, ndipo munalibe Mwafirika ndi mmodzi yemwe. Koma malire a dziko lino sanalembedwe kumeneko. Anangogwirizana malamulo a mpikisano, makamaka okhudza magombe a nyanja zamchere ndi mitsinje ya Congo ndi Niger. Kulanda kwenikweni kunachitikira konkuno, pang'onopang'ono.

Za malire sizitenga nthawi. Apwitikizi ankafuna kulumikiza Angola ndi Mozambique, ife tili pakati. Mu 1889 Mpwitikizi Serpa Pinto analowa m'chigwa cha Shire ndi asilikali n'kumenyana ndi Amakololo, pomwe John Buchanan, wogwirizira udindo wa kazembe, anali atalengeza kale kuti derali lili m'manja mwa Britain. Pa 11 Januwale 1890 Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain, analamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo inawachotsa. Otsala anali mapangano awiri. La 1890 pakati pa Britain ndi Germany linaika malire m'mphepete mwa nyanja ya Malawi chakum'mawa, ndipo mkangano wathu ndi Tanzania umachokera pomwepo. La 1891 ndi Portugal linatsata mtunda wogawa madzi opita ku Zambezi ndi opita kunyanja. N'chifukwa chake pa Lizulu ukangowoloka msewu wa M1 kukagula mbatata, wapondamo kale mu Mozambique, chonsecho wogulitsayo ndi mbale wako wa chilankhulo chimodzi.

Mfuti zinaliranso ndithu. Harry Johnston anayamba kulamulira mu 1891 ndi asilikali ochokera ku India komanso mapaundi 10,000 pachaka ochokera ku kampani ya Cecil Rhodes. Anawathyola mafumu mmodzimmodzi: Mponda, Makanjira, Jalasi, Kawinga. Mlozi anapachikidwa ku Karonga mu 1895, Inkosi Gomani anaphedwa mu 1896. Ankati akuthetsa malonda a akapolo, ndipo malondawo analipodi, tisanamizane. Komatu nkhondo zitatha, mlimi wamba akanatha kubwerera kumunda kwake. Zomwe zinamutsekera njira ndi zinthu ziwiri zomwe zinabwera mwakachetechete.

Choyamba chinali chikalata cha malo. Boma lisanakhazikike, azungu anali atapita kale kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, n'kulembetsa kuti agula malo. Pamwambo wathu mfumu sigulitsa nthaka, imangopatsa mlendo pokhala ndi polima, choncho awiriwa sankanena chinthu chimodzi. Kuyambira 1892 Johnston anaunika zogulazo n'kupereka mapepala otchedwa Certificates of Claim. Onse pamodzi anakwana maekala oposa 3.5 miliyoni, pafupifupi 15 pa 100 ya mtunda wa dziko lino. Eugene Sharrer yekha anatenga oposa 300,000. Kampani ya A. L. Bruce inali ndi oposa 160,000 ku Magomero.

M'mapepalamo munali ndime yooneka yachifundo: midzi ndi minda yomwe inalipo kale isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Msampha unali pomwepo. Palibe anayeza midziyo kapena kulemba mayina a eni ake. Makolo athu ankalima mosuntha, nthaka ikatopa amatsegula mphanje kwina. Ukangosuntha, mwini esiteti ankati wachoka pamalo otetezedwa, tsopano ndiwe mlendo pamalo ake. Alomwe omwe ankathawa nkhanza za Apwitikizi n'kulowa ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu ndiye ndimeyo sinkawadziwa n'komwe. Mu 1903 khoti linagamula kuti eni nthaka oyambirira sayenera kulipira lendi, koma popanda kaundula, ndani akanasiyanitsa mwini nthaka ndi wobwera? Chigamulocho chinangothera m'mabuku.

Chachiwiri chinali msonkho wa nyumba. M'zaka za m'ma 1890 unakhazikika pa mashiling'i 3, omwe anali ngati malipiro a mwezi wathunthu. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza kufika pa 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka. Taonani nzeru yake. Cholinga sichinali ndalama zokha ayi, chinali kumuchotsa munthu pakhomo pake kuti akalime khofi, thonje ndi fodya wa wina. Wolephera kukhoma ankamutenthera nyumba, nthawi zina n'kumugwirira mkazi mpaka ndalama ipezeke.

Chikalata ndi msonkho zitakumana zinabala thangata. Mawuwa anali abwinobwino, kuthangatana pa ntchito monga anansi amachitira. Pa esiteti anasanduka mwezi umodzi wolipira lendi ndi mwezi wina wa msonkho. Miyezi iwiri, mwina munthu n'kupirira. Koma mwezi sunkawerengedwa ndi kutuluka kwa mwezi kumwamba, unkawerengedwa pa tikiti. Kapitawo amakupimira ndime m'mawa, ukalephera kuimaliza tsikulo silichongedwa, ngakhale watuluka thukuta mpaka dzuwa kupendeka. Miyezi iwiri inkatalika n'kukhala inayi kapena kuposa. Ndipo ankakufuna nthawi ya dzinja, pomwe munda wako ukufunika kupalira ndi kubandira. Chimanga chikamira m'tchire mu Januwale, njala ya chaka chamawa yalowa kale m'nyumba. Ku Magomero, pansi pa William Jervis Livingstone yemwe anthu ankamutcha Listonia, panali chikoti pamwamba pa zonsezi, ndipo matchalitchi a udzu a Providence Industrial Mission ankatenthedwa.

Nkhondo ya 1914 inawonjezera nkhuni pamoto. Anthu atafa ku Karonga pa nkhondo ya eni ake, John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula, boma n'kuitsekereza kalatayo. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu ake anadzuka. Ku Magomero anapha Livingstone ndi mzungu wina mmodzi, ku Mwanje mzungu winanso mmodzi, koma amayi ndi ana sanawapweteke.

Kulimba mtima kunalipo, dongosolo ndi lomwe linaperewera. Zonse zinkadalira kulanda mfuti ndi zipolopolo ku sitolo ya Mandala mu Blantyre. Opita kumeneko anadziwika msanga n'kuthawa ndi mfuti zowerengeka, ndiye gulu lonse linatsala ndi mikondo. Gulu la Filipo Chinyama ku Ntcheu silinafike patali. Mafumu akuluakulu a Chiyao ndi Chingoni sanalowemo, asilikali achikuda a boma sanatembenuke, ndipo uthenga wopempha thandizo kwa Majeremani unkayenda wapansi ulendo wa masabata. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa chakufupi ndi malire a Mozambique. Tchalitchi chake cha njerwa cha ku Mbombwe anachiphulitsa, anthu oposa 30 ananyongedwa kapena kuwomberedwa ataweruzidwa mothamanga, ndipo mazana anaponyedwa m'ndende.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anzanga omwe amaimaliza nkhaniyi ndi nkhope ya pa ndalama. Listonia anafa usiku umodzi, koma chikalata cha Magomero sichinapse, tikiti ya kapitawo sinang'ambike. Bungwe lofufuza lomwe boma linakhazikitsa linavomereza kuti pa esiteti ya Bruce panali nkhanza, komabe thangata anapitirira mpaka 1962, zaka 47 pambuyo pake. Mbendera inasintha mu 1964. Boma linagulako malo ena n'kukhazikapo anthu, koma umwini wochokera m'mapepala a Johnston sunafafanizidwe. Mukadutsa ku Thyolo lero muona tiyi wobiriwira atayala pamalo abwino mpaka kumene maso alekezera, ndipo m'mbali mwake mabanja akukanda timinda tosakwana ekala pamatsitso pomwe mvula ikagwa nthaka imatsetserekera kumtsinje.