Ndisiyeni ndimalize Chitaliyana changa

Chaka chino ndi chachinayi ndili ku Bergamo, ku Italy. Kuzizira ndinazolowera, ndipo nsima sindiisowa kwenikweni chifukwa polenta yawo ya chimanga imatseka pamimba. Chimene chimandipwetekabe mtima ndi ichi: ndikayamba kulankhula Chitaliyana n'kukakamira pang'ono, munthu amandidula n'kundiyankha m'Chingelezi. Mwina amaganiza kuti akundithandiza, koma ine ndimamva ngati wanditsekera chitseko.

Chinenerochi poyamba chimanyenga. Mawu ambiri amathera pa a, e, i, o, ngati athu, ndiye lilime limayenda. Za ulemu nazo sizinandivute. Iwo ali ndi tu ndi Lei, ife iwe ndi inu, moti agogo a pakhomo loyandikana sindinawatchulepo tu ngakhale anandiuza kangapo kuti palibe vuto. Pakamwa pamakana.

Povuta ndi pa l ndi r. Kwathu kaya unene lero kaya relo, anthu amva. Kuno mare ndi nyanja, male ndi choipa. Kenako zilembo zobwereza: nonno ndi agogo aamuna, nono ndi chachisanu ndi chinayi, penna ndi cholembera, pena ndi chisoni kapena chilango. Khutu langa linatenga chaka chathunthu kuti limve kusiyanako. Utangoti wayamba kumva, achikulire pamsika amatembenukira ku Chibergamasco, chimene ngakhale Mtaliyana wa ku Roma chimamusokoneza.

Ndipo si nkhani ya macheza okha. Chilolezo chokhala nthawi yaitali chimafuna mayeso a Chitaliyana a mlingo wa A2, ndipo kuyambira 2018 wofuna unzika ayenera kufika mlingo wokwererapo wa B1. Ndimapita kusukulu ya akuluakulu ya CPIA madzulo nditatopa ndi ntchito, koma m'kalasi simokwanira. Chinenero chimalowa pogula buledi, m'basi, pofunsa njira. Mukandiyankha m'Chingelezi mwandilanda phunziro la tsikulo.

Ndinakulira ku Balaka, kumene ansembe a Montfort, ambiri ochokera kuno ku Bergamo komwe, ankalalikira m'Chichewa chopotoka. Palibe ankawadula. Amayi anga ankadikira mpaka abambo amalize, kenako n'kuwakonza mwaulemu panja pa tchalitchi. Mawu oti Andiamo ndinayamba kuwaona pachikwangwani ku Balaka ndisanadziwe kuti akutanthauza tiyeni.

Dzulo mayi wa pa fomase anandidikira mpaka ndinapeza ndekha mawu oti sciroppo, mankhwala akumwa a chifuwa a mwana wanga. Anangoti "piano piano", kutanthauza pang'onopang'ono, n'kuyang'ana pashelefu. Ulendo wobwerera kunyumba ndi wautali, koma ndipitanso komweko.