Chenjezo kwa oyatsa moto pamulu wa manyowa

Ndalankhula pampanda, ndalankhula pakiyosiki ya madzi, tsopano ndilembe kuti mwina ena amve. Lachiwiri lapitali kuno ku Chilomoni tinatsala pang'ono kugona panja chifukwa cha gulo. Inde, gulo yemweyu wa mutu wabuluu, wokhala m'mitengo ya mango. Mnyamata wina woyandikana nane, munthu wa ndevu zake, bambo wa ana awiri, anamuona akutuluka m'mulu wa manyowa kuseri kwa bafa. Osaima n'komwe kuti aganize, anathamangira botolo la parafini, kuthira, machesi khwee! Mwezi wa Okutobala uno, udzu uli gwa, kamphepo kakutsika ku Michiru. Moto unalumphira mpanda wa udzu, ndipo tinauzimitsa ndi madzi ogula, ndowa ndi ndowa, amayi akukuwa. Gulo mwiniwake n'kuti atakwera kale mumtengo, akutiyang'ana, mutu gwedegwede.

Manyowa amene mkazi wake anaunjika kwa miyezi inayi anasanduka phulusa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani mwa inu amagula thumba la feteleza akumwetulira? Ndiye munthu n'kutentha chuma chotere chifukwa cha kanyama kosaposa chikhatho?

Ana inu, walira mvula walira matope. Mukaunjika mapesi, masamba, makoko a nthochi ndi zitosi za nkhuku, mwamanga nyumba yofunda, ndipo alendo abwera ndithu. Zinthu zikamaola zimatulutsa kutentha. Zikani ndodo pakati pa mulu, muisiye kanthawi, muizule, muikhudze: mumva yatentha. Pakatikati pamatha kufika madigiri 60. Buluzi thupi lake silidzifunditsa lokha ngati lathu, n'chifukwa chake m'mawa mumamuona akuothera dzuwa pamwala. M'mbali mwa mulu, momwe muli mofunda pang'ono ndi mwachinyontho, ndi momwe amakonda kubisala ndi kuikira mazira, chakudya chili pakhomo pomwepo: chiswe, mphemvu, mphutsi, nyerere. Chaka chatha mdzukulu wanga anafukula timazira toyera, tating'ono ngati mtedza, tofewa ngati chikopa. Anafuna kutiphwanya ndi mwala. Ndinamugwira dzanja, tinatikwirira pomwepo, ndipo chiswe chimene chinkandivuta m'bedi la mpiru chili ndi adani ambiri lero.

Kuno ku Malawi kulibe buluzi wa ululu. Gulo ukamugwira akhoza kukuluma, monga iwenso ungalume wina atakufinya, koma alibe poizoni, ndipo zoti amaitana mphenzi zija ndi nkhambakamwa. Birimankhwe naye n'chimodzimodzi, kuyenda monyang'wako si ufiti. Chule, bongololo ndi nyongolotsi ndiye antchito anu osalipidwa. Mng'azi wochokera kumtsinje wa Likhubula yekha ndiye ndingamudandaule, poti amaba mazira a nkhuku ndipo amakwapula ndi mchira, koma naye ukamusiyira njira amachoka.

Choopsa chenicheni mumachiitana nokha. Ndimaona zimene mumataya pamulu: mikute ya nsima, mitu ya nsomba, mafupa, matewera a ana, majumbo, mabotolo osweka. Amenewo si manyowa, ndi dzala. Nsima ndi mafupa zimaitana makoswe, ndipo kumene kwachuluka makoswe njoka siichedwa. Kenako mumagula tameki pamsika, kupaka pantchintchi ya nsima, kuika pamulu pomwe nkhuku zimapalasa ndi pomwe mwana wokwawa amafika. Mawa lake mphaka wafa, galu wafa, makoswe akadalipo. Ngakhale chakusa, njoka yopanda ululu imene imadya makoswe omwewo, mumaiphanso ndi khasu n'kuipachika pampanda ngati mwapambana nkhondo.

Ndisanamizire kuti njoka zonse ndi zofatsa, ayi. Mphiri ilipo, ndipo khalidwe lake ndi loti sithawa. Imangoti phee m'masamba ouma, khungu lake lofanana ndi masambawo, mpaka uiponde. Mamba wolavula uja amaponya malovu m'maso ali patali mamita awiri. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala zimayendayenda kwambiri. Tsono inu amayi ndi abambo amene mumatuma mwana kukataya zinyalala madzulo, magetsi atazima, ali chabe phazi pansi, opanda ngakhale tochi ya pafoni, mukufuna tidzakuuzeni chiyani pamaliro? Ntchito imeneyo ndi ya masana, ndipo si ya mwana wa sitandade 2.

Potembenuza manyowa valani nsapato zotseka, magambutsi ngati alipo. Gwirani foloko kapena khasu la mpini wautali, osapisa manja. Yambani mwamenya mulu ndi ndodo kuti zothawa zithawe, kenako yang'anitsitsani, poti ndanena kale kuti mphiri sisuntha. Lambulani udzu wozungulira, muchotse malata akale ndi njerwa zounjika pafupi, ndipo muluwo usagundane ndi khoma la nyumba. Ndikudziwa mapuloti a ku Ndirande ndi ku Mbayani ndi ochepa, komabe ngodya ya kutali ndi khomo imapezeka. Njoka imene simukuidziwa musaiyandikire, itanani ana alowe m'nyumba, muipatse mpata. Ambiri amalumidwa pofuna kuonetsa chamuna.

Tsoka likagwa, musamange mwendo ndi mphira kapena lamba, musateme ndi lumo, musayamwe bala. Vulani mphete ndi nsapato malo asanatupe, wolumidwayo asathamange kapena kuyenda mtunda, munyamuleni mupite naye kuchipatala msanga. Gulupu ili mumzinda mommuno, si ulendo wa tsiku lonse. Malovu akalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, osatikita, kenako kuchipatala komweko. Musataye nthawi kusakasaka njokayo kuti muiphe kaye.

Dzulo mnyamata uja anabwera pakhomo, chipewa m'manja, kuti agogo mundigawireko mawilibala awiri a manyowa, mvula yayandikira. Ndinamuuza kuti ndimugawira, koma abwere Loweruka m'mawa atavala nsapato, tidzatembenuze limodzi mulu wanga. Muli abuluzi osachepera asanu m'menemo, ndipo machesi adzawasiye kunyumba.