Chenjezo kwa Otchuka Amene Mwayamba Kulakatula za Atsogoleri

Inu a mafilimu, tamverani. Nkhope yanu ikadziwika dziko lonse, musaganize kuti chilichonse chimene chakubwererani m'mutu usiku n'choyenera kujambula m'mawa.

Pa 24 February 2022, tsiku limene asilikali a Russia analowa m'dziko la Ukraine, mayi wina wa zisudzo wa ku America, AnnaLynne McCord, uja wa mu sewero la pa TV la 90210, anakhala patsogolo pa kamera n'kulakatula ndakatulo yopita kwa mtsogoleri wa Russia, Vladimir Putin. Anaiponya pa Twitter. Ankapepesa kuti sanali mayi ake a Putin, ati akanakhala iye akanamukonda, kumufungatira, ndipo zonsezi sizikanachitika.

Tsiku lomwelo anthu a ku Kyiv, likulu la Ukraine, anali kuthawira m'masiteshoni a sitima zapansi panthaka, ana atagona pansi pa mabulangete. Magalimoto anali atandandalika ulendo wa kumalire a Poland. Amuna a zaka 18 mpaka 60 analetsedwa kutuluka m'dzikomo, moti mabanja ankasiyana pamalire pomwepo. Ndiye wina ali kutsidya kwa nyanja, tsitsi atapesa bwinobwino, akuuza dziko za ubwino wa mtima wake! Pamaliro a eni sumaimirira kuti anthu aone nsalu yako yatsopano.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mayi ake a Putin. Putin anabadwa mu 1952 ku Leningrad, wolakatulayo mu 1987. Kusiyana kwa zakako tikusiye, n'koseketsa chabe. Koma Putin anali ndi mayi ake enieni, a Maria. Iwo anapulumuka njala yoopsa ya nthawi imene asilikali a Germany anazinga mzindawo kuyambira 1941 mpaka 1944, ndipo mwana wawo wina, Viktor, anamwalira m'nyengo yomweyo. Mayiwa anatisiya mu 1998. Sangadzuke kuti adziyankhire. Iwe wawadziwira kuti kuti sanafungatire mwana wawo? Kodi kunyoza ubereki wa munthu amene ali kumanda ndiye chifundo chimenecho?

Komanso Putin, amene nthawiyo anali ndi zaka 69, atakhala pampando zaka zoposa 20, sanali khanda ayi. Analamula nkhondo ali ndi nzeru zake zonse. Ukamati chinasowa ndi chikondi cha amayi, wamuchotsera mlandu n'kuusenzetsa mzimayi. Amayi alakwanji kuti chilichonse choipa cha mwana wamkulu chizibwerera kwa iwo?

Sindikuti wa mafilimu asalembe ndakatulo. Lembani, cholembera n'cha aliyense. Koma luso lonena mawu olembedwa ndi ena ndi lina, lolemba ako ndi linanso, ndipo kuombera m'manja kwa okutsatirani sikungakuphunzitseni. Mutu ukakula sulewa nkhonya: McCord anasekedwa dziko lonse pasanathe tsiku.

Nanunso oseka musadzione ngati abwino. Munagawana kanemayo, kumuyeserera, kupikisana nthabwala, pamene maso anu akanayenera kukhala ku Kharkiv, mzinda wa ku Ukraine kumene mabomba ankagwa.

Mukalemba za mtsogoleri, yambani mwawerenga mbiri yake, ndipo dzina lanu lichepe m'mizereyo. Ndakatuloyo igone kaye masiku angapo. Kenako muipereke kwa munthu amene saopa kukuuzani kuti yalakwika, osati wantchito wanu amene amadyera kwa inu.