Chimfine cha miyezi itatu si chimfinenso

Zikomo alembi pofotokoza za timinofu tomera m'mphuno. Mwanena zoona kuti timabwera chifukwa cha kutupa kosatha kwa khungu la mkati mwa mphuno, komanso kuti si khansa. Koma mwangodutsapo pang'ono pa chizindikiro chimene ine ndimaona kuti n'chachikulu: kusamva fungo. Munthu amafika poti ndiwo zikupserera pamoto iye ali pomwepo osadziwa, chakudya sichikomanso, usiku ndi mkonono wokhawokha chifukwa akupumira pakamwa. Timinofuti sitipweteka, n'chifukwa chake ambiri amangoti ndi chimfine. Mphuno ikatsekeka kupitirira masabata 12, mamina akutsikira kukhosi, chonde kaonaneni ndi dokotala.

Odwala mphumu samalani kwambiri, chifukwa matenda awiriwa amayendera limodzi. Ena mwa iwo akamwa aspirin kapena ibuprofen amabanika koopsa, ndiye muwauze adokotala zimenezi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mankhwala opopera otsegula mphuno, monga xylometazoline, amene anthu amagula okha. Mukapopera kupitirira sabata imodzi, mphuno imayamba kutsekeka kuposa kale. Amene amafwetsa timinofuti ndi opopera a steroid, mankhwala ochepetsa kutupa.

Kuyeza sikuvuta. Dokotala wa makutu, mphuno ndi khosi amalowetsa kachubu kokhala ndi nyali n'kuona, nthawi zina amajambula mkati mwa mphuno ndi makina otchedwa CT scan. Nthawi zambiri timinofuti timamera mbali zonse ziwiri za mphuno. Chotupa chikakhala mbali imodzi yokha, makamaka chikamatulutsa magazi, musachedwe: chimafunika kudulako kachidutswa kuti akayeze ngati si khansa.