Munkadziwa, nanga bwanji simunatiuze?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Lolemba lapitali tinataya oda pa ofesi yathu ku Limbe chifukwa cha pulogalamu yokoka maimelo imene tinalipira ndi ndalama zathu. Kasitomala wathu wa ku Ginnery Corner anatumiza imelo Lachisanu masana, kufuna koteshoni ya mapepala ndi inki ya pulinta, nati yankho limupeze Lolemba m'mawa. Lachisanu lomwelo magetsi anathima kompyuta ili mkati mokoka makalata. Titayatsa Lolemba, pulogalamu ija inayamba kukoka makalata onse kuyambira a chaka chatha, amene tinawerenga kale, amene tinayankha kale, ena kubwera kawiri ena katatu. Mtsikana wathu wa pa desiki anatha m'mawa wonse chala chili pa mouse akufufuta, bandulo nayo ikupita, ndipo kalata ya kasitomala ija inakwiririka m'zinyalala zimenezo. Tinaipeza dzuwa litapendeka. Oda anali atapatsa kale ena.

Ndinamuimbira mnyamata wa kampani imene inatiikira pulogalamuyi. Anandiyankha mtima uli m'malo: "Aaa mayi, limenelo ndi vuto lodziwika. Eni ake a pulogalamu akulidziwa, akuti alikonza mu version ikubwerayi."

Lodziwika kwa ndani, achimwene? Ine sindinkalidziwa. Mtsikana wanga sankalidziwa. Inu munkalidziwa tsiku limene munakhala pa mpando wanga mukuika pulogalamuyi, munkalidziwa pamene munkandilembera invoisi, munkalidziwa pamene ndinkakuwerengerani ndalama m'manja. Munatseka pakamwa. Lero zinthu zatayika ndiye mukutsegula pakamwa kundiuza kuti n'zodziwika. Chimene chandipweteka ine si kuti pulogalamu ili ndi vuto, chilichonse chopangidwa ndi munthu chimakhala ndi pofooka. Chandipweteka n'chakuti munadziwa ndipo simunanene.

Akuti chimachititsa ndi njira yakale yokokera maimelo yotchedwa POP3, imene malamulo ake omwe akugwira ntchito pano analembedwa mu 1996: seva, kompyuta yakutali imene maimelo amafikirapo, imafufuta makalata pokhapokha kompyuta ikamaliza n'kutsanzika bwinobwino, ndiye ikadukiza panjira, kapena kaundula wa makalata okokedwa kale akaonongeka, zonse zimabweranso. Chabwino. Koma zimenezo si ntchito yanga kuzidziwa, ine ndimagulitsa mapepala. Ndi ntchito yanu. Ndipo inu mumakhala mu Blantyre momwemuno, mukudziwa mmene magetsi amathimira, mukudziwa mmene netiweki imadukira mvula ikangoyamba kugwa ku Ndirande. Mwatiikira chinthu chimene chimasokonezeka chikadukiza, mumzinda umene zinthu zimadukiza sabata iliyonse, osatichenjeza ngakhale ndi mawu amodzi.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Inu simunanditsine khutu. Munanditsina m'thumba basi.

Ndipo njira ina inalipo! Dzulo lomweli mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira zamakompyuta, wandionetsa kuti pali IMAP, imene makalata amakhala pa seva ndipo foni ndi kompyuta zimaona zofanana. Ndikanaiona kalata ija pa foni Loweruka ndili kunyumba ku Chilomoni. Kusintha kwake sikunamutengere nthawi yoti tiyi n'kuzizira. Ndiye munthu amene amadya ndalama za ntchito imeneyi analephera bwanji kundifunsa kuti mayi, pali njira ziwiri, iyi ili ndi vuto lakuti, mukufuna iti? Funso limodzi lokha. Ndikanasankha ndekha, ndipo zikanavuta ndikanadziimba mlandu ndekha.

Musandiuze za version ikubwera. Version ikubwera siindibwezera oda yanga. Siilipira lendi ya shopu kumapeto kwa mwezi, siilipira mtsikana amene wataya tsiku lonse akufufuta makalata. Ikubwera liti? Simukudziwa. Akukonza ndani? Simukudziwa. Mukungobwereza mawu amene munawerenga penapake kuti ine nditonthole. Lonjezo lopanda tsiku si lonjezo, n'kungomuchotsa munthu pakhomo.

Ena anena kuti mayi mukulimbana ndi mwana wosalakwa, sanalembe pulogalamuyo ndi iye. Zoona, sanalembe. Koma olemba mapulogalamu ambiri sabisa. Ngakhale fetchmail, pulogalamu yaulere yokoka maimelo imene Eric Raymond anaitchukitsa kuyambira 1996, eni ake amalemba poyera mavuto amene akuwadziwa ndi zimene akufuna kudzakonza, kuti aliyense awerenge asanaigwiritse ntchito. Anthu osalandira ndalama yanga akunena zoona poyera, koma munthu amene walandira ndalama yanga akubisa. Uthenga unalipo, unafika mpaka kwa inu, n'kufera m'manja mwanu. Apa ndiye pali mlandu wanu.

Makampani akuluakulu nawonso amachenjeza. Google italetsa mapulogalamu akale kulowa mu Gmail ndi pasiwedi yokha pa 30 May 2022, inali itanena pasadakhale. Microsoft nayo inalengeza nthawi isanakwane kuti kuyambira October 2022 iyamba kutseka njira yakale yolowera pa Exchange Online, imelo yake ya makampani. Kuchenjeza n'kotheka. Sikufuna digiri, kumafuna ulemu kwa munthu amene akukudyetsa.

Ndikulankhula ndi inu nonse a IT mumzinda muno, amene mumayenda ndi chikwama cha laputopu kumsana kuchokera ku Victoria Avenue mpaka ku Limbe. Ife sitidziwa zimene mumachita pa makompyuta athu, n'chifukwa chake timakuitanani. Timakukhulupirirani ngati mmene timakhulupirira dokotala. Mukadziwa kuti chinthu chili ndi vuto, nenani tisanalipire. Lembani pa pepala, tisainirane. Tiuzeni kuti magetsi akathima tichite chakuti, tisatsegule chakuti, tiyang'ane kaye pa foni. Ngati mukuopa kuti tikadziwa sitigula, ndiye kuti mukudziwa kuti mukugulitsa chinthu chosayenera kugulitsidwa. Kukhala chete pamenepo ndi bodza, ngakhale simunatulutse liwu. Ndi bodza ndithu.

Ndipo kunena kuti "n'zodziwika" zinthu zitaonongeka kale ndi chipongwe. Kuli ngati kundiuza kuti wopusa ndi ine amene sindinkadziwa.

Nanunso a maofesi amene mumatumiza zofuna koteshoni pa imelo Lachisanu masana n'kufuna yankho Lolemba m'mawa, foni muli nayo, nambala yathu muli nayo, ili pa invoisi iliyonse imene tinakutumiziranipo. Kuimba kamodzi kuti mayi mwaiona kalata yathu kukanakutayitsani chiyani? Tikatumiza ife koteshoni simuyankha n'komwe kuti yafika. Timakhala tikudikira, kenako tikwere minibasi kudzafunsa, mlonda pa geti n'kutiuza kuti abwana ali ku msonkhano tibwere mawa, ndipo tikabwera mawalo mukuti tibweretsenso ya papepala yodinda sitampa.