Chibangili cha amethyst sichinatsitse BP ya azakhali anga

Mwezi wathawu tinagona masiku anayi kuchipatala tikudwazika azakhali anga. Anagwa m'bafa m'mawa, pakamwa patapotoka, mkono wamanzere utalefuka. Adokotala atafunsa za mankhwala awo a BP mpamene zinaululika kuti anasiya kumwa miyezi itatu yapitayo. Anali atagula chibangili cha timiyala tapepo kwa mayi wina wa pa WhatsApp, amene anawatsimikizira kuti amethyst amakhazika magazi pansi.

Azakhali sindikuwaweruza ayi. Chikhulupiriro chotere n'chakalekale. Dzina loti amethyst linachokera kwa Agiriki akale ndipo limatanthauza "wosaledzera", poti ankati ukavala mwalawu mowa sukugwira. Ifenso timaudziwa mwala wakuda uja umene amamata pabala munthu akalumidwa ndi njoka, pamene nthawi zambiri ndi fupa lowotcha ndipo ululu sulichotsa. Munthu akatopa ndi mapilitsi a tsiku ndi tsiku, aliyense womulonjeza mpumulo amamumvera.

Koma mwala ukayezedwa umanena zoona zake. Amethyst ndi quartz, zomwezo zimene zili mumchenga wambiri. Mtundu wake wokongolawo umabwera ndi kachitsulo kochepa kwambiri kamene kali mkati. Ukauwotcha umasanduka wachikasu, ena n'kumaugulitsa ngati citrine. Palibe chimene chimatulukamo n'kudutsa khungu kukalowa m'magazi. Mu 2001, Christopher French, katswiri wa za maganizo wa pa yunivesite ya Goldsmiths ku London, anagwiritsa anthu 80 miyala, ena yeniyeni, ena yabodza. Magulu onse awiri ankanena kuti akumva kutentha ndi kunyerenyetsa m'manja. Chimene chinkagwira ntchito ndi zomwe anauzidwa asanaigwire.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti miyala yamtengo wapatali tili nayodi. Paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pamatuluka ruby ndi sapphire. Ku Mzimba kuli aquamarine ndi rose quartz, ku Ngabu kuli agate wabuluu. Miyala imeneyi imazindikirika poiyeza: kulimba kwake pa muyeso wa Mohs (quartz ndi 7, ruby ndi 9, dayamondi ndi 10), mmene kuwala kumapindikira ukalowamo, ndi zimene zimaoneka mkati ukayang'ana ndi kagalasi kokulitsa. Ruby wopangidwa ndi anthu wakhalapo kuyambira nthawi ya Auguste Verneuil, wasayansi wa ku France amene analengeza njira yake mu 1902, ndipo ndi maso okha n'kovuta kumusiyanitsa ndi wokumbidwa. Mnyamata wokumba ku Mzimba akusowa nzeru zimenezi kuti ogula asamamudyere masuku pamutu. M'malo mwake, zimene zikufala pamafoni athu ndi nkhani zoti mwala wakuti umachiza shuga, wakuti umabweretsa mwana.

Valani miyala abale anga, ndi yokongola, inenso ndimaikonda. Koma amene akukuuzani kuti musiye mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV chifukwa cha mkanda, akusewera ndi moyo wanu kuti apeze ndalama.

Chibangili chija ndinapita nacho kwa mnzanga wogula miyala. Anachiyang'ana ndi kagalasi kake n'kundionetsa timathovu tampweya tozungulira mkati mwa mkanda uliwonse. Sichinali n'komwe amethyst, linali galasi. Azakhali panopa ali kunyumba, akuphunziranso kugwira supuni ndi dzanja lija. Mayi uja foni yathu sakuyankha, koma pa status yake akutsatsabe.