Chinkhanira sichibwera mwangozi, nyengo yake timaidziwa

Inu abambo ndi amayi achinyamata a kuno ku Kasungu, tandimverani. October wafika, m'nyumba za malata simukugoneka, ndipo madzulo aliwonse ndikuona mphasa zoyalidwa pabwalo, ana atagona pambali pa mulu wa njerwa kapena nkhuni zounjika pafupi ndi chigafa. Kodi mukuganiza kuti pansi pa njerwazo pamakhala ndani?

Chinkhanira chimabisala masana, usiku n'kutuluka kukasaka tizilombo. Kukatentha ndiye chimayendayenda kwambiri, ndipo mvula yoyamba ikanyowetsa maenje ake chimathawira m'nyumba, m'nsapato, m'zovala zosiyidwa pansi. Ife akale tinkangodziwira m'maso. Lero ku Mexico, Brazil, Iran ndi Algeria, kumene vutoli n'lalikulu, akatswiri amawerenga olumidwa mwezi ndi mwezi, n'kuyerekeza ndi kutentha kwa nyengo, kuti alosere nthawi imene odwala adzachuluke, zipatala zikonzeretu mankhwala. Kafukufuku wa 2008 anayerekeza kuti padziko lonse anthu oposa 1.2 miliyoni amalumidwa chaka chilichonse, ndipo omwalira amaposa 3,000. Amene amakhala pachiopsezo chachikulu ndi ana, chifukwa ululu womwewo umene wamkulu amangobuula nawo usiku umodzi, m'thupi laling'ono umafika pamtima ndi m'mapapo.

Koma chimene chandilembetsa n'chimene ndinaona kumudzi kwathu mbali ya ku Chamama chaka chatha. Mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi anamutuma kukatenga nkhuni kutada kale, wopanda tochi, wopanda nsapato. Mayi ake foni ili m'manja, tochi yake ilipo, koma anali otanganidwa ndi WhatsApp. Mwana analira kamodzi kokha mokuwa, chala chili m'mwamba. Ndiye taonani zimene akuluakulu anachita: wina lezala kutema pabalapo, wina parafini, wina kumanga mkono ndi mphira ya njinga mpaka zala zinayamba kuda. Maola awiri akukangana za mankhwala a agogo akutiakuti, mwana ali thukuta kamukamu, dovu likuchucha. Mwamwayi mnyamata wa kabaza anakalipa n'kumunyamula. Anachira, koma namwino anatifunsa funso limene mpaka lero limandichititsa manyazi: munali kuti nthawi yonseyi?

Lezala sichotsa ululu, imangowonjezera bala. Kuyamwa pabalapo n'kutaya nthawi. Tsukani ndi sopo, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, wamkulu amwe panado. Koma akakhala mwana, kapena mukaona kusanza, dovu, kunjenjemera, kulephera kumeza kapena kupuma movutikira, musadikire kuti kuche. Nyamukani usiku womwewo.

Inu anyamata ogumula uvuni ndi manja osavala kanthu, mukumati ndinu olimba? Tembenuzani njerwa ndi kamtengo kaye. Ndipo dziwani kuti chinkhanira cha mchira wonenepa ndi timanja towonda ndicho choopsa kuposa cha manja akuluakulu, ngakhale ine sindikulangizani kuti muziwerama mumdima kuyeza mchira wake. Nsapato muzigogoda pansi musanavale. Zofunda muzikutumula. Neti ija munapatsidwa chifukwa cha udzudzu, ena mwatchingira nayo mbewu kudimba, ibwezereni pogona ana ndipo muziipisira bwino pansi pa mphasa. Nkhuni ndi njerwa zikhale kutali ndi khonde.

China chimene simuchiganizira: mukamathera nkhani kunyumba, kuchipatala m'kaundula simulembedwa kanthu. Amene amaitanitsa mankhwala amayang'ana kaundulayo, ndipo akapeza mulibe munthu wolumidwa ku Santhe kapena ku Chulu, amati kumeneko vuto kulibe. Ngakhale ululu utachepa m'mawa, auzeni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu tsiku, nthawi ndi malo pamene mwanayo analumidwira.